Funsani a Mphunzitsi: matabuleti, makompyuta ndi ndalama za thandizo m'sukulu za boma

FUNSO: Zikomo a Mphunzitsi. Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina ya pulayimale ya kumudzi. Sukulu yoyandikana nafe, m'zoni mwathu momwemu, inalandira matabuleti ndi sola, ndipo ana a sitandade 1 mpaka 4 akuphunzirirapo. Makolo ayamba kusamutsira ana awo kumeneko, moti pa msonkhano wa PTA bambo wina anandifunsa pagulu kuti ine ndikugona tulo tanji. Kodi ndalama za zinthu zimenezi zimachokera kuti, nanga kalata yopempha ndilembere ndani? Komiti ya sukulu yati ndilembe pulopozo yopempha makompyuta 40. Ndithandizeni.
Mphunzitsi wamkulu, Ntchisi

YANKHO: A hedi, mtima ukhale m'malo, anzanu aja sanakuposeni kulemba kalata ayi. Ngati matabuletiwo ndi a ana a sitandade 1 mpaka 4 ndipo anabwera ndi sola ndi mahedifoni, ndiye kuti ndi a pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Chaka choyamba inalowa m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'choti pofika 2029 ikhale itafika m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000. Ndalama zoyambira zikuchokera kwa abwenzi akunja, koma zimadzera kulikulu. Sukulu sizipikisana polemba mapulopozo. Zimalowa gulu ndi gulu, motsatira mndandanda wa Unduna ndi maofesi a maphunziro a m'maboma. Choncho khomo loyamba kugogoda ndi la a PEA anu (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni mwanu) ku TDC, likulu la zoni, kenako ofesi ya maphunziro ku khonsolo. Afunseni kuti sukulu yanu ili m'gulu liti, ndipo zimene akuyankheni mukazinene pamaso pa makolo ndi amfumu, bambo uja ali pomwepo.

Pulogalamuyi ndimaikhulupirira pa chifukwa chimodzi: inayesedwa kaye isanafalitsidwe. Mu 2013 Dr Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anachita kafukufuku pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, kwa masabata 8, ndipo ana amene ankaphunzira masamu pa tabuleti anaposa anzawo amene ankangophunzira mwa nthawi zonse. Kenako VSO inapitiriza ntchitoyi m'maboma angapo pansi pa dzina loti Unlocking Talent, ndipo mu 2019 onebillion inali limodzi mwa mabungwe awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, maphunziro awo atayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Maphunziro a m'matabuletiwa ali m'Chichewa, safuna intaneti, ndipo amayambira pamene mwanayo ali, osati pamene silabasi ikuganiza kuti ali.

Ndinalowapo m'kalasi lina nthawi ya matabuleti. Kamtsikana ka sitandade 2 kanakhala pasimenti, miyendo katatambasula, hedifoni yaikulu kuposa mutu wake, chala chikulondola chilembo cha "m". Kanalakwitsa, mawu a m'khutu anakauza kuti kayesenso, kanayesanso, kenako kanamwetulira kokha. Palibe anakaseka. Inu ndi ine tikudziwa kuti m'kalasi la ana oposa 100, mwana wofatsa ngati ameneyu angathe kumaliza teremu yonse mphunzitsi osamva mawu ake n'kamodzi komwe, osati chifukwa choti mphunzitsiyo ndi waulesi, koma chifukwa choti ali ndi maso awiri okha. Phindu la chipangizochi lili pamenepo, kuti kwa mphindi zingapo patsiku mwana aliyense amayankhidwa payekha.

Tsono za makompyuta 40 aja, ine ndikuti musalembe pulopozo imeneyo. Ndikudziwa kuti komiti ikufuna chinthu choti anthu aone, koma kompyuta yapatebulo siphunzitsa mwana wa zaka 7 kuwerenga, ndipo pasukulu yopanda magetsi a ESCOM makompyuta 40 amafuna sola ndi mabatire okwera mtengo kuposa makompyutawo. Dziko la Peru linagawa malaputopu oposa 800,000 kwa ana a pulayimale mu pulogalamu ya One Laptop per Child. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank amene anatuluka mu 2012 anapeza kuti anawo anaphunziradi kuseweretsa makinawo, koma pa masamu ndi kuwerenga panalibe kusintha. Ku Kenya nako boma linalonjeza mu 2013 laputopu kwa mwana aliyense wa sitandade 1, mu 2016 linayamba kugawa matabuleti, ndipo patapita zaka zochepa linatembenuka n'kunena kuti bola kumanga zipinda za makompyuta. Zipangizo zinafika aphunzitsi asanakonzekere, kwina magetsi kulibe. Awa ndi mayiko a chuma kuposa ife.

Kwathu kuno ndinaonanso ndi maso anga. Pa sukulu ina imene ndinkayendera, a hedi ananditsegulira chipinda chimene chinali ndi loko ziwiri. Mkatimo munali makompyuta ovindikiridwa ndi zitenje, mawaya atadyedwa ndi makoswe, mavu atamanga zisa kuseri kwa masikirini. Pakhoma panali chikwangwani chothokoza amene anapereka, chidakali chowala. Inveta inapsa mvula yoyamba, mphunzitsi yekhayo amene anapita ku maphunziro a makompyuta anasamutsidwa, ndipo a hedi ankaopa kulola wina kukhudza poti akawononga adzafunsidwa ndi iwo. Zinandipweteka mtima, chifukwa kunja kwa chipinda chokhomacho ana a sitandade 3 ankaphunzirira pansi pa mtengo wa mango.

Opereka thandizo amakonda kugula chinthu, chifukwa chinthu chimajambulika ndipo chimakhala ndi lisiti. Chimene salipira kawirikawiri ndi chaka chachitatu, pamene batire la sola lasiya kusunga moto, machaja athyoka, mahedifoni akumveka khutu limodzi, mlonda sanalandire miyezi inayi. Mlendo ndi mame, a hedi. Tinaona kumayambiriro kwa 2025 boma la America litaimitsa ntchito za USAID, bungwe lomwe linathandiza kwambiri pulogalamu ya kuwerenga ya National Reading Programme kuyambira 2016. Ntchito zina zinaima mwadzidzidzi, anthu ali m'kati mozigwira. Ndiye musanalembere wina aliyense, khalani pansi ndi komiti, a PTA, amayi a mother group ndi amfumu, muyankhe funso ili ndi manambala: pulojekiti ikadzatha, ndani adzagule batire, ndipo ndalamayo idzachokera m'thumba liti? Ngati yankho lili lakuti "tidzaona", musapemphe chipangizocho.

Thumba limene muli nalo kale ndi SIG, ndalama ya chitukuko cha sukulu ija imene imabwera motsatira SIP, pulani yanu yotukulira sukulu. Ndi yochepa, imachedwa, ndipo singagule matabuleti. Koma ingagule mabagala a pawindo, loko yabwino, malata awiri otseka pamene pakudontha. Lowetsani zimenezi mu SIP ya chaka chino, kuti tsiku limene a BEFIT adzafike adzapeze chipinda chili chokonzeka. Mlonda kambiranani ndi mudzi. Ndaona malo ena amfumu akukonza zoti mabanja azisonkha chimanga pokolola n'kumamulipira nacho, ndipo kumeneko kuba kunachepa chifukwa katunduyo anthu ankamuona ngati wawo.

Ngati pali chosowa chachikulu, monga buloko ya makalasi kapena sola yowunikira ana a sitandade 8 pokonzekera mayeso a MANEB, pamenepo ndiye lembani. Ofesi ya kazembe wa dziko la Japan ku Lilongwe ili ndi thumba la ntchito zing'onozing'ono za m'madera, ndipo lamanga makalasi m'malo ambiri. A Press Trust nawonso amathandiza sukulu. Palinso ndalama ya CDF, imene njira yake imadzera ku VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, mpaka ku khonsolo. Imeneyo ndi ndalama ya misonkho yanu, simukupempha chifundo.

Polemba, yambani ndi ana, osati ndi katundu. Tengani ana a sitandade 2 mmodzimmodzi, muwapatse ndime yaifupi ya m'buku lawo la Chichewa, muwerenge kuti ndi angati amene atha kuwerenga mzere umodzi. Nambala imeneyo, ngakhale ikhale yochititsa manyazi, ndi imene ikhale chiganizo choyamba cha kalata yanu. Kenako nenani chimene mukufuna kusintha pofika kumapeto kwa chaka, ndi mmene mudzayezerenso. Ikanimo makotesheni atatu ochokera kwa ogulitsa osiyana. Ikanimo mzere wa maphunziro a aphunzitsi, ndipo akhale aphunzitsi onse a makalasi okhudzidwa, osati mmodzi wokondedwa ndi a hedi. Siyaninso malo a kukwera kwa mitengo: kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mabajeti olembedwa zimenezi zisanachitike anasanduka mapepala wamba, poti sola, mabatire ndi matabuleti zonse n'zoitanitsa kunja. Kalatayo isayinidwe ndi inu, wapampando wa komiti ndi amfumu, idindidwe ndi a PEA. Nenaninso chimene mudzi wapereka, kaya ndi njerwa, mchenga kapena malipiro a mlonda. Owerenga mapulopozo amayang'ana mzere umenewo mwachidwi kuposa mawu onse okometsera.

FUNSO: A Mphunzitsi, ine ndine kholo, ana anga atatu ali pa pulayimale. Wamng'ono amakhala pansi, m'kalasi mwawo mulibe desiki, buku limodzi amagawana anthu asanu. Ndiye ndimve kuti abweretsa matabuleti? Kodi si kuwononga ndalama kumeneku? Bwanji osayamba ndi makalasi ndi kulemba ntchito aphunzitsi amene angokhala kunyumba atamaliza ku koleji?
Mayi wodandaula, Machinga

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi lolemera ndipo sindikutsutsani pa zambiri. Kuyambira 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, sitinakwanitsebe kumanga makalasi ndi kulemba aphunzitsi okwanira. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma pitani ku sitandade 1 ya kumudzi mukaone. Aphunzitsi ophunzitsidwa bwino kukhala pakhomo kudikira ntchito pamene ana akusowa wowaphunzitsa ndi chinthu chimene sindidzasiya kudandaula nacho.

Koma mudziwe kuti ndalama ya thandizo imabwera yomangidwa. Bungwe likapereka ndalama ya matabuleti, Unduna sungaitenge n'kukalipira aphunzitsi kapena kugula madesiki. Ukatero ayibweza n'kutseka khomo. Malipiro a aphunzitsi amachokera mu bajeti ya boma imene aphungu amavomereza ku Nyumba ya Malamulo. Tikakana matabuleti, desiki ya mwana wanu sibwera chifukwa cha kukanako. Kumene muyenera kukweza mawu ndi kwa a phungu anu ndi ku khonsolo, ndipo ndikukulimbikitsani kutero, makamaka mukhale gulu.

Chinanso, mwana wanu sangadikire kuti makalasi onse amangidwe. Kafukufuku wa luso la kuwerenga amene anachitika m'dziko muno mu 2010 anapeza kuti ana ambiri a sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi la Chichewa. Mwana akafika sitandade 4 asanadziwe kuwerenga, ku sitandade 5 kumene maphunziro ambiri ali m'Chingerezi amangokhala ngati mlendo, kenako amasiya. Ngati chilipo chomuthandiza chaka chino, alandire chaka chino.

Pamene ndikugwirizana nanu kotheratu ndi apa: tsiku limene wina adzanene kuti poti kuli matabuleti aphunzitsi achepe, tidzakane tonse. Tabuleti siiona kuti mwana wabwera ndi njala kapena kuti wajomba sabata yathunthu. Inu chitani ichi: kumapeto kwa teremu iliyonse mupatseni mwanayo buku, kapena thumba la shuga lomwe, akuwerengereni zolembedwapo. Mukaona kuti chaka chatha palibe chasintha, kafunseni kusukulu kuti amagwira tabuletiyo kangati pasabata. Muli ndi ufulu wofunsa.

FUNSO: Moni a Mphunzitsi. Ndimagwira ntchito ku Johannesburg. Kampani yathu ikuchotsa makompyuta akale 25 ndipo abwana andilola kuwatenga. Ife amene tinaphunzira pa CDSS ya kwathu tili ndi gulu pa WhatsApp, tasonkha kandalama koti tiwatumize kumudzi. Tiyambire pati?
Mwana wa kwathu, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mwaganiza bwino, ndipo ku sekondale ndi kumene kompyuta yeniyeni ili ndi ntchito. Phunziro la Computer Studies lilipo pa mayeso a MSCE, koma m'ma CDSS ambiri ana amamva za kiyibodi pa bolodi, mphunzitsi atajambula ndi choko. Mwana wotere akapita ku koleji amakakhala pambali pa mnzake wa ku sukulu ya mishoni amene wakhala akutayipa kuyambira fomu 1.

Musanapakire chilichonse, imbirani a hedi a pasukulupo. Afunseni ngati pali magetsi, ngati chipinda chilipo chokhala ndi mabagala ndi siling'i, ndiponso ngati pali mphunzitsi woti aphunzitse. Afunsenso ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa MACRA, imene kudzera mu thumba lake la Universal Service Fund yakhala ikumanga zipinda za makompyuta m'ma CDSS ena pansi pa pulojekiti ya Connect a School. Ngati ali pamndandanda, ndalama yanu ingathandize bwino pa china.

Kenako yang'anani makinawo bwinobwino. Yatsani iliyonse komweko, yakufa isiyeni. Kutumiza yakufa ndi kulipira thiransipoti ya zinyalala. Kampani ifufute zonse za m'kati mwake. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11, mwina n'chifukwa chake abwana anu akuwachotsa. Sikuti atha ntchito. Munthu wodziwa angaikemo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba. Aikemonso Kolibri ndi Kiwix, mapulogalamu aulere osunga maphunziro ndi Wikipedia yathunthu m'kompyuta momwemo, kuti ana azifufuza popanda kugula bandulo. Bungwe la Centre for Youth and Development ku Mzuzu, mogwirizana ndi The Turing Trust ya ku Scotland, lakhala likuika makompyuta okonzedwanso m'masekondale kwa zaka zambiri. Alembereni, akuuzani zimene zimavuta.

Kanthu kakang'ono kamene anthu amaiwala: mapulagi a ku Joni ndi a mano ozungulira, athu kuno ndi a mano atatu amakona ngati a ku Britain. Gulani mawaya oyenera, musadalire zolumikiza zotchipa za pamsika, zimatentha. Ndipo gulani zotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu, chifukwa kuzima ndi kuyaka kwa magetsi kumapha makompyuta ambiri kuposa akuba.

Za msonkho, pitani kapena tumani munthu ku MRA katunduyo asananyamuke, ali ndi kalata ya kampani yonena kuti ndi mphatso ndi kalata ya sukulu yodindidwa ndi ofesi ya maphunziro. Akuuzeni zoyenera kuchita, zolembedwa. Kuyamba kufunsa katundu ali kale pa Mwanza kapena pa Dedza n'kumene kumadyetsa anthu ndalama.

Langizo langa lalikulu n'lakuti musathere ndalama yonse pa ulendo. Bola mutumize makompyuta 15 abwino n'kusunga gawo la ndalamayo la kukonzetsa, kusiyana ndi kutumiza onse 25 thumba n'kutsala lopanda kanthu. Gulu lanu lipitirize kusonkha pang'onopang'ono teremu iliyonse, ndipo mugwirizane ndi sukulu kuti izikutumizirani ndandanda yosonyeza kalasi liti limalowa m'chipindamo tsiku liti. Atsikana awerengedwe paokha pa ndandandayo. Ndaona kangapo anyamata akulanda mipando yonse atsikana ataima kumbuyo.

FUNSO: Munthu wina wandiimbira foni kuti ndi wa bungwe la kunja, sukulu yathu yasankhidwa kulandira malaputopu 50, koma titumize K150,000 ya kalembera ndi thiransipoti pa nambala yake sabata ino isanathe. Watumiza ndi kalata ya chidindo pa WhatsApp. Titumize?
Msungichuma wa komiti ya sukulu, Mulanje

YANKHO: Musatumize ngakhale tambala, bambo. Ameneyo ndi wakuba. Bungwe loona sililipiritsa wolandira thandizo, silitumizitsa ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu, ndipo silifika pasukulu ya boma osadzera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma ndi kwa a PEA. Kufulumizitsako, kuti sabata isathe, n'kofuna kuti musapeze mpata wofunsa. Chidindo cha pa WhatsApp mnyamata aliyense wodziwa foni angachipange madzulo amodzi.

Sungani nambalayo, mauthenga ndi kalatayo. Kaonetseni a hedi ndi a PEA lero lomwe, kuti achenjeze sukulu zina za m'zoni, poti anthu otere saimbira sukulu imodzi. Kenako kanene ku polisi ndi ku kampani ya foni imene nambalayo ili. Akaimbanso, muuzeni kuti abwere ndi kalata yake ku ofesi ya maphunziro ku boma, mukakumane kumeneko pamaso pa akuluakulu.